Uphungu wa pa foni: zoyenera kukonza musanayimbe

Munthu wa ku Area 25 akafuna kukaonana ndi mlangizi wa za maganizo m'tauni amataya theka la tsiku. Adikire minibasi idzaze, atsike, akwere ina kapena kabaza, pobwerera chimodzimodzi. Ngati amagwira ntchito ku Kanengo kapena ku Capital Hill ayenera kutsanzika kwa abwana, ndipo abwanawo afuna kudziwa kuti kwagwanji. Ena ndalama ya ulendo ali nayo, koma amaopa kuti wa kumpingo kwawo awaona akulowa pa geti la chipatala cha matenda a maganizo. Uphungu wa pa foni umachotsa zovuta zonsezi. Tsoka lake, umachotsanso zinthu zimene chipinda cha kuchipatala chimakupatsani osapempha: chitseko chotseka, chitsimikizo choti amene akukumveraniyo anaphunziradi ntchitoyi, ndi anthu oti akugwireni zinthu zikathina. Pa foni zimenezi mumakonza nokha, ndipo nthawi zambiri uphungu ukakanika vuto limakhala pamenepa.

Yambani mwaona ngati vuto lanu lingatheke pa foni

Amene amathandizika bwino pa foni ndi aja akuvutika mumtima koma akudzukabe, akusamba, akupita kuntchito kapena kumsika. Tikunena za nkhawa yosatha, kuganiza kwambiri mpaka mutu kulemera, kusowa tulo, mantha obwera mwadzidzidzi mtima uku ukugunda, chisoni cha maliro chimene chikukana kuphwa, kupanikizika ndi ngongole, ndi kukhumudwa kumene kwatenga masabata angapo. Pa nkhawa ndi kukhumudwa, akatswiri ayerekeza kambirimbiri uphungu wa pa vidiyo ndi wa pamasom'pamaso, makamaka njira yotchedwa CBT, imene imaphunzitsa munthu kuunika maganizo ake ndi kusintha zochita, ndipo zotsatira zake sizisiyana kwenikweni.

Pali ena amene foni ingowachedwetsa. Amene wakonza kale zodzipha kapena anayeserapo posachedwa, amene akumva mawu oti ena sakuwamva, amene akukhulupirira kuti anthu akumusaka, amene watha masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akulankhula osapuma ndi kumwaza ndalama, onsewa aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi mayi amene wangobereka kumene n'kuyamba kusokonekera kapena kuopa mwana wake. Muno mu Lilongwe pitani nawo ku Kamuzu Central, ku Bwaila, kapena ku St John of God ku Area 43, kumene ntchito yawo yeniyeni ndi ya matenda a maganizo.

Za mowa tinene momveka. Munthu womwa tsiku ndi tsiku, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawako, asasiye lero ndi lero chifukwa choti mlangizi wamulimbitsa mtima pa foni. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa mwadzidzidzi limatha kugwa ngati khunyu pasanathe masiku awiri, ndipo cha pa tsiku lachitatu munthu angasokonekere, kutuluka thukuta ndi kuona zinthu zoti palibe. Zimenezi zimapha. Kusiya kotere kumafuna mankhwala ndi diso la achipatala. Uphungu ubwere pambuyo pake.

Ngakhale vuto lanu likuoneka la maganizo okha, pitani kamodzi kukayezetsa thupi. Kuchepa kwa magazi, shuga ndi matenda a chithokomiro zimabweretsa kufooka, kugunda kwa mtima ndi kusowa tulo mofanana ndi nkhawa. Mankhwala enanso, monga efavirenz amene ndi mmodzi mwa ma ARV, amasokoneza tulo ndi maganizo mwa anthu ena. Mlangizi wa pa foni sangakuyezeni magazi.

Fufuzani munthuyo musanamuuze za mumtima

Aliyense angathe kulemba pa Facebook kuti ndi mlangizi. Safunsa anadya phula, ndiye funsani, ndipo musaope kuti akuonani ngati wamwano. Mlangizi weniweni mafunso otere anawazolowera.

Dziwani kaye amene mukumufuna. Dokotala wa matenda a maganizo ndi clinical officer wa za maganizo amapima ndi kulemba mankhwala, ndipo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Anamwino amalembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Psychologist ndi mlangizi amathandiza mwa kukambirana, salemba mankhwala. Ambiri ogwira ntchitoyi kuno anaphunzira ku koleji ya St John of God ku Mzuzu kapena ku Kamuzu University of Health Sciences, ena kunja.

Pemphani kulankhula naye mphindi 10 kapena 15 musanalipire kalikonse. Mufunseni dzina lake lonse, kumene anaphunzira ndi satifiketi imene ali nayo, bungwe limene analembetsako, ndi malo amene amagwirako ntchito oti munthu angathe kufikako ndi miyendo. Funsaninso ngati ali ndi katswiri wamkulu amene amayang'anira ntchito yake, chifukwa mlangizi wopanda womuunika amalakwitsa osadziwa. Kenako muuzeni vuto lanu m'mawu awiri atatu, mumve kuti aligwira bwanji. Yankho labwino limatchula njira, nthawi zokumana, ndi mmene mudzadziwire kuti zikuyenda. Akatchula chipatala kapena bungwe, imbani ku ofesi yake pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani iyeyo, mufunse ngati amamudziwa.

Musiyeni munthu amene akulonjeza kuti muchira m'masiku owerengeka, amene akufuna ndalama ya miyezi itatu nthawi imodzi, amene akukuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, amene akukana kuonetsa nkhope ngakhale kamodzi, kapena amene wayamba kukutumizirani mauthenga achikondi, kupempha zithunzi, ngakhale kukubwerekani ndalama. Wokugulitsani mankhwala owonjezera mphamvu m'thupi pakati pa uphungu ndi wamalonda basi.

Alangizi a kunja alipo ambiri pa intaneti, ndipo ena ndi akatswiri ndithu. Koma ganizirani izi. Amafuna madola kapena marandi, ndipo ndalama zakunja kuno n'zovuta. Zikavuta usiku sangakutumizeni ku Kamuzu Central chifukwa sakudziwa n'komwe kuti kuli kuti. Nkhani ya ankhoswe, ya malume amene akukakamira munda, ya abale asanu amene akudalira malipiro anu, mudzataya nthawi yolipira mukuifotokoza, mwinanso n'kulangizidwa kuti mungowakana onsewo. Chinanso ndi chilankhulo: munthu wolankhula Chingerezi bwino kuofesi akafika pa zowawa zenizeni lilime limabwerera ku Chichewa. Mukasankhabe wakunja, samalani nthawi. Johannesburg ndi Lilongwe wotchi ndi imodzi, koma London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndi maola awiri miyezi inayo.

Za malipiro gwirizanani poyambirira: ndalama zingati pa kukumana kumodzi, mulipira musanayambe kapena mukamaliza, nanga netiweki ikakana mpaka nthawi kutha, ndalamayo itani. Lipirani kamodzikamodzi. Pa Airtel Money kapena Mpamba onani kuti dzina lotuluka ndi la iyeyo kapena la bungwe lake musanatsimikize. Ngati muli pa MASM kapena sikimu ina, funsani ngati amalipira uphungu wa pa foni komanso risiti imene amafuna.

Foni, bandulo ndi magetsi

Kukumana kumodzi kumatenga mphindi 45 mpaka 60. Pa WhatsApp, mawu okha amadya MB imodzi kapena kucheperapo pa mphindi, pamene vidiyo imadya pafupifupi MB 5. Choncho pa mawu okha MB 60 zikwana, koma pa vidiyo musayambe ndi zochepera MB 300. Zoom imadya koposa apo, ndipo yaulere imadula yokha pakatha mphindi 40, nthawi imene anthu ambiri amakhala atangofika pachimake pa nkhani. Gulani bandulo dzulo lake, ndipo muiyese poimbira mnzanu pa pulogalamu yomweyo, chifukwa bandulo ya WhatsApp yokha siitsegula Zoom kapena Google Meet. Tsekani zodzitsitsa zokha za m'magulu, apo ayi mavidiyo a gulu la kumpingo akumalizirani bandulo muli pakati polankhula.

Yesaninso netiweki pamalo penipeni pamene mudzakhale, pa ola lomwelo. Chipinda chimene chimagwira bwino m'mawa chimatha kukana madzulo anthu onse akabwerera kunyumba. Batire ikhale pamwamba pa 70 peresenti, kapena mukhale ndi power bank, pakuti magetsi sachenjeza ndipo vidiyo imatentha foni n'kumaliza moto msanga. Sungani mayunitsi okwanira kuimba foni wamba mphindi 20.

Musakakamire vidiyo. Ndi yofunika tsiku loyamba kuti muonane nkhope, ndiponso imathandiza mlangizi kuona ngati mwaonda kapena simukudzisamala. Koma vidiyo yodukaduka imaononga kukambirana kuposa mawu omveka bwino opanda chithunzi. Kulemberana mauthenga okha ndiye kofooka kwambiri: mlangizi samva kunjenjemera kwa mawu anu, ndipo zonse mwalembazo zimatsala m'foni.

Malo olankhulira: apa ndiye pagona nkhani

Anthu ambiri amasiya uphungu wa pa foni chifukwa cha malo, ngakhale sanena choncho. Amangoti sizikundithandiza. Ukafufuza upeza kuti masabata onsewo ankalankhula chonong'ona, khutu lina lili kuchitseko, ndipo nkhani yeniyeni sanaitchulepo.

M'nyumba za lendi za mdadada ku Kawale, ku Mchesi kapena ku Chinsapo, khoma logawa zipinda nthawi zambiri silifika kudenga, ndipo kulibe siling'i. Mawu amakwera, n'kuyenda pansi pa malata, n'kutsikira kwa aneba. Dziyeseni chonchi: mnzanu alowe m'chipindamo, atseke chitseko, awerenge nyuzi ndi mawu a masiku onse, inu muime pakhonde, kuseri kwa windo ndi m'chipinda chinacho. Mukamva mawu amodziamodzi, malowo sanakwane. Wailesi imathandiza, koma muiike kunja kwa chitseko, mbali imene kuli omvetserawo. Mukaiika m'kati mudzangokweza mawu kuti mupikisane nayo. Mahedifoni ndi ofunika, komabe amabisa mawu a mlangizi okha; anuwo akumveka.

Ngati kunyumba sikutheka, pali galimoto yoimitsidwa pamthunzi mawindo otseka, ofesi ya mnzanu nthawi ya nkhomaliro, kalasi yopanda ana sukulu ikaweruka, kapena kachipinda ka kutchalitchi pakati pa sabata mutapempha. Musalankhule mukuyendetsa galimoto, muli m'minibasi kapena mukugulitsa pa okala. Foni ndi kompyuta za kuntchito zisiyeni, chifukwa a IT amatha kuona zodutsamo.

A m'nyumba auzeni zochepa koma zoona. "Azakhali, Lachitatu lililonse kuyambira 4 koloko mpaka 5 koloko ndimakhala pa foni ndi achipatala, musandiitane, ana akhale kwa inu." Zokwanira. Mukabisa kotheratu, mwana adzagogoda kufuna mchere, ndipo mwamuna kapena mkazi wanu adzayamba kukayikira kuti ola lonselo mumalankhula ndi ndani.

Gwirizanani ndi mlangizi mawu achizindikiro oti munene wina akalowa, monga "dikirani, ndaika madzi pamoto". Akamva zimenezo asiye nkhaniyo, asakufunseni mafunso, ndipo mukadula asakuimbireni mpaka mutayamba ndinu.

Izi n'zofunika koposa kwa amene akuchitiridwa nkhanza m'banja, chifukwa foni ikhoza kuwaika pangozi. Kulankhula kwa pa WhatsApp kumatetezedwa panjira, moti wapakati sangamve, koma chitetezo chimenechi sichiletsa munthu wogwira foni yanu m'manja. Ikani PIN imene ena saidziwa. Tsekani zoonetsa uthenga pa sikirini foni ili yokhoma. Gwiritsani ntchito Chat lock, imene imakhoma ndi kubisa macheza a pa WhatsApp, ndipo ikani kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24. Onani pa Linked devices ngati palibe kompyuta ya wina yolumikizidwa ku WhatsApp yanu. Fufutani mndandanda wa mafoni oimbidwa. Chimene ambiri amaiwala ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba: umatsala m'foni ndi dzina la wolandira, ndalama ndi tsiku. Ngati foniyo mumagawana ndi amene akukuzunzaniyo, musaigwiritse ntchito konse. Bwerekani ya mchemwali kapena mnzanu wodalirika. Nambala yaulere ya za nkhanza ndi 5600, ya ana ndi 116, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit.

Konzani za pangozi tsiku loyamba lomwelo

Mlangizi wodziwa ntchito adzakufunsani kumene muli nthawi iliyonse mukayamba kulankhula. Sikuti akufuna kukulondani. Mutakomoka kapena kunena zoopsa kenako foni n'kuduka, ayenera kudziwa koti atumize munthu. Popeza nyumba zambiri zilibe manambala odziwika, mulozereni mmene timalozerana: sekita yakuti, kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira. Mupatseni dzina ndi nambala ya munthu mmodzi wamkulu amene ali pafupi nanu, ndipo munthuyo mumuuze kuti mwamutchula.

Lembani papepala, osati m'foni mokha: zizindikiro zimene zimakuonetsani kuti zikuipa, anthu awiri oti muwaimbire, chipatala chapafupi chotsegula usiku, ndi wa galimoto kapena wa njinga yamoto amene amayankha foni pakati pa usiku. Onjezani 929, nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, ndipo muiyese lero kuti muone ngati ikulowa pa layini yanu. Ngati maganizo ofuna kufa amakubwererani, mankhwala ophera tizilombo ndi mapiritsi ochuluka achoke m'nyumba, akawasunge m'bale. Nthawi yoopsa kwambiri ya maganizo otere kawirikawiri imadutsa, ndipo munthu amapulumuka ngati chomuvulaza chili kutali.

Funsaninso malire a chinsinsi. Mlangizi sauza mwamuna wanu, abwana kapena abusa zimene mwanena, koma angaulule ngati moyo wanu kapena wa wina uli pangozi, kapena ngati mwana akuzunzidwa. Gwirizanani kuti palibe wojambula mawu mnzake asakudziwa.

Mmene kukumana kumayendera

Khalani pamalopo mphindi 10 nthawi isanakwane, muli ndi madzi akumwa, kope ndi cholembera. Foni itsamiritseni pa mabuku molingana ndi maso anu, kuwala kukhale kutsogolo kwanu. Mukaigwira m'manja chithunzi chimagwedera ndipo mkono umatopa. Valani ngati mukupita kuchipatala, ndipo musagone pabedi.

Tsiku loyamba limakhala la mafunso ambiri. Mwina adzakufunsani mafunso 9 otchedwa PHQ-9, amene alipo m'Chichewa, okhudza masabata awiri apitawo: tulo, chilakolako cha chakudya, mphamvu, kudziona wolephera, maganizo ofuna kufa. Funso lililonse lili ndi mapointi 0 mpaka 3, onse pamodzi 27. Kuyambira 10 ndiye kuti vuto lafika pofuna chithandizo ndithu, ndipo kuyambira 20 ndi lalikulu, lofunika kuti dokotala akuoneni. Lembani nambala yanu m'kope. Musachoke osagwirizana cholinga chooneka ndi maso. "Ndikufuna mtendere wa mumtima" n'zoona, koma sizingayezedwe. "Ndizigona maola 6 ndi kubwerera ku geni yanga" ndiye cholinga.

Pa foni mawu amachedwa pang'ono kufika, choncho mudzadulana pakamwa. Lolani kamphindi kadutse mnzanu akamaliza. Mukakhala chete chifukwa mukuganiza kapena misozi yabwera, nenani kuti "ndilipo", kuti asayese netiweki yathawa. Mwakhumudwa ndi zimene wanena, nenaninso. Pa mawu okha sangaone nkhope yanu itagwa. Foni ikaduka, ayimbe ndi munthu mmodzi amene munagwirizana, chifukwa mukaimbirana nonse nthawi imodzi onse mumva kuti layini yatangwanika. Ikaduka kawiri, zimitsani vidiyo. Ikadukanso, pitani pa foni wamba.

Mukamaliza musatsegule chitseko nthawi yomweyo. Wochokera kuchipatala amakhala ndi ulendo wonse wa minibasi kuti mtima ukhale pansi, pamene inu mukadula foni mphika ndi ana zili pomwepo. Dzipatseni mphindi 10 kapena 15, lembani mfundo ziwiri zimene mwatola, sambani kumaso.

Pakati pa sabata, ndi kudziwa ngati zikuthandiza

Ola limodzi pa sabata silisintha munthu palokha. Mlangizi adzakupatsani zochita: kulemba nthawi imene mwagona ndi kudzuka, kuyenda mphindi 20 tsiku lililonse, kulemba ganizo limene linabwera mtima usanayambe kugunda, kapena kusankha vuto limodzi mwa ambiri n'kuyesa njira imodzi yolithetsera. Njira yomalizayi ndi imene pulogalamu ya uphungu ya Friendship Bench ya ku Zimbabwe inatchuka nayo, pokumana kasanu ndi kamodzi. Mukalephera kuchita, nenani zoona, chifukwa chimene chinakulepheretsanicho ndi nkhani yoti mukambirane. Funsani ngati mungamulembere pakati pa sabata, ndipo ayankha nthawi yanji. Voice note ya 2 koloko usiku siyankhidwa usiku womwewo, n'chifukwa chake pepala la za pangozi lija lilipo. Mapulogalamu a pa foni oyankha okha angakuthandizeni kupuma mwakuya kapena kulemba maganizo, koma sangakutumizireni munthu kunyumba.

Mukakumana kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi, bwerezani mafunso a PHQ-9 aja. Kutsika ndi mapointi 5 kapena kuposerapo ndi kusintha kwenikweni. Masabata oyamba ena amamva kuwawa kwambiri chifukwa akutokosa zimene anakwirira, ndipo zimenezi si zachilendo bola azigona ndi kudya. Koma ngati nambala siikusuntha, kapena ikukwera, kapena mwayamba kujomba kuntchito, musangopitiriza kulipira. Funsani mlangizi kuti musinthe njira, musinthe munthu, kapena muyambe kuonana pamasom'pamaso, ngakhale kamodzi pa mwezi n'kumapitiriza zinazo pa foni.

Mwinanso pafunika mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline. Amenewa amalembedwa ndi dokotala kapena clinical officer atakupimani, amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti muyambe kumva kusintha, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Popita kuchipatala pemphani mlangizi akulembereni kalata yachidule yonena vuto, nthawi imene munayamba, manambala a PHQ-9 ndi zimene mwayesapo kale. Isindikizeni papepala, muiike m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mutengenso mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba.